Tchuthi cha Katsabola

Anabadwira kulayini, kuseri kwa siteshoni ya polisi, m'nyumba ya zipinda ziwiri yofanana ndi zina zonse za mumzerewo, moti mwana akasochera ankazindikira kwawo poona mtundu wa katani. Bambo ake anali kositabo, ndipo anakhala kositabo mpaka imvi. Amayi ake ankagulitsa mazira ndi tomato pakhomo, ngakhale malamulo a kulayini ankaletsa malonda, ziweto ndi madimba. Malamulowo aliyense ankawadziwa bwino, ndipo aliyense ankaweta nkhuku. Dzina loti Katsabola anamupatsa ndi amayi akewo, chifukwa kanali kamwana kochepa thupi, koma kakalusa pampopi anyamata ankachotsa okha zidebe zawo pamzere.

Chimene ankadana nacho kwambiri ali mwana linali tsiku loti bwana wamkulu akubwera kudzayendera. Uthenga ukangofika, abambo ankagwira zitini za laimu n'kuyamba kupaka miyala ya m'mbali mwa msewu, amayi ankasesa mpaka nthaka kuwala, ana ankalongedza nkhuku m'madengu kukazibisa kuseri kwa mpanda. Katsabola ankakhala m'udzu, atapana tambala m'khwapa, zala zitagwira mlomo wake kuti asalire, akudikira kuti galimoto yakuda ija ituluke pageti. Nyerere zinkamuluma, mkodzo unkamupweteka, iye akutukwana chamumtima munthu amene sanamuonepo nkhope. Madzulo bambo ake ankafotokoza momwe anapemphera bwanayo za denga lodontha, ndipo amayi ankafunsa kuti wayankha chiyani. Akamva kuti wati tiona, ankaseka n'kukatenga beseni kukaika pomwe pankadontha paja. Kulayini ngakhale mwana woyamwa ankadziwa kuti bwana akati tiona, nkhaniyo yathera pomwepo.

Woyamba kulowa polisi anali achimwene ake, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Katsabola atanena kuti nayenso akufuna kulowa, bambo ake anakana, nati imeneyi ndi ntchito yoimirira pamene mnzako wakhala, ndipo m'banja limodzi oimirira awiri akwana. Amayi sanatsutse poyera. Anangogulitsa nkhuku zingapo n'kumupatsa yokwerera basi.

Kusukulu ya apolisi akazi anali owerengeka, ndipo zinkaoneka kuti amene anawaitana sanaganize kuti abweradi. Jombo zonse zinali za amuna, moti iye ankatsendera nyuzipepala kuzala kuti zisavuke pa perete. Chimbudzi cha akazi kunalibe, ankachita kulonderana pakhomo. Atamaliza anamutumiza kusiteshoni ya kutali, kumene ntchito yake inali yophika tiyi, kufufuza m'matupi mwa akazi ogwidwa, ndi kuima kutsogolo akabwera wojambula zithunzi. Tiyiyo ankaphika woipa mwadala, mpaka mkulu wa siteshoni anatopa naye n'kumukankhira ku ofesi yofufuza milandu. Kumeneko ndi kumene mtima wake unakhala pansi. Ankakonda kuvula chipewa, kukhala pakhonde ndi mayi amene wabera sitolo kapena amene wamenyedwa, kumusiya alankhule za mvula ndi za ana mpaka nkhani yeniyeni ituluke yokha. Akamakumbukira moyo wake wonse wa upolisi, zaka zimenezo ndi zokhazo zimene anthu ankalankhula naye atakhala pansi.

Nyota za udindo zinayamba kubwera, ndipo nyota iliyonse inkabwera ndi lole yosamutsira katundu. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wina woseka bwino, amene anakwera lole yoyamba akuimba, yachiwiri ali chete, yachitatu n'kunena kuti iye atsalako kaye amalize teremu. Teremuyo sinathe mpaka lero. Mwana sanakhale naye, ndipo zimene anthu ankanena pa nkhani imeneyi ankazimva koma ankaziponda ndi jombo.

Pa udindo uliwonse iye ankakhala mkazi woyamba, ndipo kukhala woyamba n'kokoma munyuzipepala mokha. Mwamuna akalakwa ankati uje walakwa, koma iye akanalakwa akanati akazi alakwa. Choncho anadziumitsa. Sankachedwa, sankadwala, sankaseka ndi wochepa udindo, ndipo dzina la achimwene ake sankalitchula n'komwe pa msonkhano. Akuluakulu okweza anthu nawonso ankati akafika pa dzinalo ankalidumpha, poopa kuti anthu anganene kuti mlongo wake wamukokera. Achimwenewo anaima pa usajeni, anzawo akuwapitirira ngati galimoto yofera pamsewu, koma sanadandaule ngakhale kamodzi. Apolisi anayesa kumutchula kuti Madamu, ena Mayi, koma zonse zinkawaterera pakamwa, mpaka anangogwirizana pa Bwana. Akatembenuka ankati Mayi Chitsulo.

Tsiku limene anamuuza kuti wakhala komishonala wa chigawo chonse, mkazi woyamba kukhala pampando umenewo, anatseka chitseko cha ofesi n'kulira. Sanalire chifukwa cha mpando. M'chigawo chimenecho munali siteshoni ija anabadwira, ndipo achimwene ake ankakhala kulayini komweko pamodzi ndi akazi awo ndi amayi, amene tsopano anali amasiye. Zaka zonsezi ankawaona amayiwo mothamanga, pa maliro kapena patchuthi chofupika. Anadziuza kuti tsopano azikhala nawo madzulo, aziwadula zikhadabo, azimva miseche ya pampopi.

Boma linamupatsa nyumba yaikulu pamtunda, ya mpanda wa njerwa ndi wapolisi pageti. Anakawatenga amayi ake kuti azikhala limodzi. Amayiwo anayesa ndithu. Koma madzi ankatulukira m'nyumba momwemo, ndiye panalibe pampopi pokakumana ndi anthu. Akati acheze ndi wapageti, mnyamatayo ankawamenyera saluti n'kuyang'ana kumwamba. Mwezi usanathe anamanga kachikwama kawo, nati nyumba imeneyi ndi yabwino koma ili ngati chipatala chopanda odwala anzako. Anabwerera kulayini, ndipo Katsabola anati palibe kanthu, aziwapeza komweko.

Ulendo woyamba anapita Loweruka masana, atavala yunifolomu chifukwa ankachokera ku msonkhano. Sanauze aliyense kupatula dalaivala, osaganiza kuti dalaivala ali ndi ovaova, wailesi yolankhulirana apolisi. Galimoto ikukhota kulowa pageti, anamva fungo limene mphuno yake inalidziwa maso asanaone. Miyala yonse inali mbee, laimu akadali wamadzi. Mkulu wa siteshoni, mwamuna wonenepa wochita thukuta msanga, anali ataima pakati pa msewu ndi anthu ake pamzere, ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali achimwene ake, chibwano m'mwamba. Anamuuza mkuluyo kuti sanabwere kudzayendera, wabwera kudzaona amayi ake. Mkuluyo anavomera mwaulemu n'kuyamba kumutsatira pambuyo, buku m'khwapa.

Amayi anamulandira pakhonde, koma macheza ake anali otani, mkuluyo ndi apolisi ena awiri ataimirira kumbuyo kwake ngati mitengo ya magetsi? Mlamu wake anabweretsa tiyi m'kapu ya alendo. Pamenepo thadzi lina limene linapulumuka m'dengu linatulukira kuseri kwa nyumba ndi anapiye ake, likuyenda mosatekeseka pakati pa jombo za akuluakulu. Katsabola anaseka, kuseka kwenikweni kumene anali atakuiwala, chifukwa anakumbukira tambala wake uja.

"Koma nkhuku zachuluka kuno masiku ano," anatero kwa mlamu wake.

Ankayamikira. Koma mu polisi mawu a bwana wamkulu sagwa pansi, amagwera m'buku. Sabata isanathe makola onse a kulayini anali atagwetsedwa, nkhuku zina zitagulitsidwa motchipa pamsewu, zina zitalowa m'miphika. Mkulu wa siteshoni, pofuna kuti asadzapezekenso wogona, anazulitsanso madimba ndi kuthyola timatebulo ta tomato. Akazi a kulayini, amene nkhukuzo zinali sopo wawo ndi makope a ana awo, anadziwa woti amuloze chala. Sakanatha kukalipira komishonala, ndiye anasiya kupereka moni kwa amayi ake. Amayiwo akafika pampopi, nkhani inkaduka, kunkangomveka madzi akugwera m'chidebe.

Katsabola atamva zimenezi kwa mlamu wake pafoni, anapsa mtima mpaka makutu kulira. Anamuitanitsa mkulu wa siteshoni uja n'kumufunsa kuti ndani anamuuza kuti agwetse makola. Mkuluyo anaima njo, thukuta likutsika m'khosi, n'kupepesa kuti anamva molakwa ndipo akonza. Anakonzadi. Analamula kuti khomo lililonse limange khola, onse ofanana msinkhu, pamzere umodzi, opakidwa laimu. Anthu amene analibenso ngakhale nthenga anagula misomali ndi waya ndi ndalama za m'thumba mwawo, n'kumanga nyumba za nkhuku zimene zinadyedwa kale. Apa ndiye chidani chinafika pomwe sichinafikepo.

Anaganiza zomusamutsa mkuluyo, koma anadziwa kuti anthu adzati Mayi Chitsulo wachotsa munthu chifukwa cha nkhuku za amake, ndipo wolowa m'malo mwake akanachita mantha oposa. Anaganiza zokapepesa kwa akazi a kulayini, koma kuti akawapeze anayenera kupitako, ndipo kupitako kunali laimu winanso. Chilichonse chimene akanachita chinali lamulo, ngakhale kukhala chete kumene.

Amayi ake ndi amene anadula nkhaniyo. Anabwera okha kunyumba ya pamtunda, pa minibasi, nakhala m'mphepete mwa sofa osavula nsapato.

"Katsabola, mwana wanga, usamabwere kulayini," anatero. "Ukandifuna ndizibwera ndine. Ine anthu aja ndi amene adzandinyamule ndikadzagwa kubafa, iwe uli ku msonkhano."

Iye anavomera, chifukwa zinali zoona. Walira mvula walira matope, ndipo mpandowo palibe anamukakamiza. Koma zinamupweteka kwambiri, moti amayi atapita anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene anakhala paja.

Kwa kanthawi zinayenda choncho. Amayi ankabwera Lamulungu, n'kumamunena kuti wawonda, kuti tsitsi lake likuthothoka chifukwa cha chipewa, kuti munthu wamkulu chotere sadziwa kusankha anyezi. M'dziko lonse lapansi munthu womunena anali atatsala yekhayo, ndipo Katsabola ankadikira Lamulungu ngati mwana wa kusukulu yogonera. Masiku ena onse anali a misonkhano, maperete ndi maulendo a m'masiteshoni, kumene ankapeza zonse zili zoyera, akaidi atasamba, mabuku ali pamzere. Chikhalireni komishonala sanaonenso siteshoni yauve, ndipo ankadziwa kuti si chifukwa choti uve unatha. Apolisi ankamupempha nyumba, mayunifolomu, tchuthi, kusamutsidwa kufupi ndi mkazi wodwala, iye alibe choti awapatse. Sanadziwe kuti linayamba liti, koma pakamwa pake panazolowera liwu lija la mabwana a ubwana wake.

Kenaka miyendo ya amayi inayamba kukana masitepe a minibasi. Ankawatumizira galimoto, koma galimoto ya komishonala ikaima kulayini, ngakhale ilibe mwini wake, anthu ankathamangira matsache. Pambuyo pa miyendo panabwera mutu. Amayi anayamba kuiwala kumene aika ndalama, kenaka kuiwala kuti amuna awo anamwalira, n'kumawasungira chakudya. Akawatulutsa m'nyumba ija ankalira ngati mwana, kuti akuwaba. Adokotala anati asamawasunthesunthe, akhale pamalo pamene akupadziwa.

Foni sinathandize. Amayi sankamva bwino, ndipo ankaganiza kuti ndi wailesi. Akaimbira achimwene ake, ankamva mpando ukusunthidwa, n'kudziwa kuti munthu wamkuluyo waimirira m'nyumba mwake momwe, atavala kabudula, kuti alankhule ndi mlongo wake amene ankamubereka kumsana. Akawafunsa za amayi ankayankha ngati akupereka lipoti: adya pang'ono, agona bwino, palibe chovuta, Bwana. Mlamu wake yekha ndi amene anamuuza zoona, monong'ona, kuti mayina a anthu akuthothoka m'mutu mwa amayi limodzilimodzi, ndipo akafuna kuti lake alipeze likadalimo asachedwe.

Anaganizapo zosiya ntchito. Anafika mpaka pouza mkulu wina wa kulikulu, amene anamuseka n'kumukumbutsa kuti atsikana onse amene akulowa polisi akuyang'ana iye, ndipo akachoka nthawi isanakwane, amene ankati mkazi sangathe adzagula mowa. Izinso zinali zoona. Katsabola anatopa nazo zoona zimenezi, chifukwa chilichonse chinkamutsekera khomo lina.

Loweruka lina masana anauza dalaivala kuti apume, nauza wapageti kuti akugona asamudzutse. Anavala diresi yakale, nsalu m'chiuno, mpango kumutu ndi masilipasi. Anatulukira kakhomo ka kumbuyo kotayira zinyalala, ngati wakuba m'nyumba yake yomwe, n'kukakwera minibasi. Kondakitala anamukalipira kuti asunthe, akudya malo a anthu awiri, ndipo iye anamva kukoma mumtima ngati wapatsidwa mphatso. Pamsika anagula nthochi zakupsa kwambiri, zimene amayi akanatha kudya opanda mano.

Pageti la siteshoni mlonda anali pa foni, sanadzutse n'komwe mutu. Miyala inali yotuwa, ina itagubuduka, udzu utamera pakati. Zovala zinali pazingwe, wailesi ikulira pena pake, nkhuku zimene anthu anayambanso kuweta zikupalasa paliponse kupatula m'makola oyera aja. Kwa nthawi yoyamba kuchokera pamene anavala nyota zazikulu anakuona kwawo momwe kulili.

Diresi anasintha, koma kayendedwe sanakasiye kunyumba. Munthu amene waguba zaka zonsezo amaponda chidendene choyamba, msana uli chilili, dzanja likupita lokha, ngakhale atanyamula nthochi. Mayi wina pampopi anamuyang'ana kumapazi, n'kukweza maso pang'onopang'ono. Nkhani inaduka. Wailesi ija inazima. Asanafike pakati pa mzere anamva zitseko zikutsekedwa, matsache akuyamba, ndipo kamtsikana kena kanadutsa chothamanga kulowera kuseri kwa mpanda, tambala m'khwapa, zala zitagwira mlomo.

Achimwene ake anawapeza pa mpando wa m'chipinda chochezera, atavala vesiti, akusenda chinangwa chowiritsa. Atamuona anadzambatuka, mbale n'kugwa, manja n'kumata m'ntchafu.

"Achimwene, chonde khalani pansi. Ndabwera ngati mwana wa m'nyumba muno."

"Bwana," anayankha, maso ali pakhoma.

Sikuti ankamuchita chipongwe. Makatani a nyumba zoyandikana ankagwedezeka, ndipo iwo ankadziwa kuti mawa adzafunsidwa momwe anamulandirira. Katsabola anawadutsa n'kulowa kuchipinda, achimwenewo n'kudzaima pakhomo momwemo, ali njo.

Amayi anali pa matiresi pansi pa zenera, atachepa ngati mwana wa sukulu. M'chipindamo munkanunkha mafuta opaka ndi bulangete lonyowa. Anayang'ana mlendoyo, nkhope yawo osasonyeza kanthu. Kenaka anayang'ana mwana wawo wamwamuna ataima chowuma pakhomo, anamva matsache panja, ndipo maso awo anawala ndi kuzindikira. Anayamba kukoka bulangete kuti abise mapazi, uku akulimbana kuti adzuke.

"Musadzuke, amayi," anatero Katsabola, atagwada. "Ndine. Ndine Katsabola."

Amayi anaseka pang'ono, kaseko kaulemu kamene munthu amaseka bwana akanena nthabwala imene sanaimve. Anapepesa kuti m'nyumba simunasesedwe bwino, uthenga wafika mochedwa. Ananenanso kuti nkhuku zimene waziona panjazo si zawo, ndi za anthu a kunja kwa mpanda, zimangolowa. Katsabola anasenda nthochi n'kuwapatsa, iwo analandira ndi manja awiri, osadya, n'kuiika pambali kuti adzadye bwana akapita. Anawagwira dzanja, anatchula tambala uja, beseni la pansi pa denga, nkhuku zimene anagulitsa kuti iye akwere basi. Amayi ankangovomera zonse, inde bwana, inde bwana.

Panja panamveka jombo zothamanga, kenaka kupuma kwa wefuwefu kwa mkulu wa siteshoni, amene anaima pakhonde kudikira kuti apereke lipoti. Fungo la laimu linali litayamba kale kulowa pazenera.

Amayi anasendera pafupi, natsitsa mawu, ngati munthu amene wakhala akusunga pempho lake nthawi yaitali kudikira mwayi woterewu.

"Bwana, pepani, ndili ndi mwana wanga wamkazi mu polisi yanuyi. Wamfupi, waukali pang'ono, koma ntchito amagwira. Anamutumiza kutali. Mumupatseko tchuthi adzandione, ngakhale masiku awiri. Ine ndatopa."

Katsabola anatsegula pakamwa. Mumtima munali mawu ambiri, a mwana. Koma pakhomo panali sajeni ataima, pakhonde panali mkulu wa siteshoni akumvetsera, patsogolo pake panali mkazi wa kositabo akupempha, ndipo lilime linatenga njira imene linazolowera.

"Tiona, mayi," anatero.

Anadzimva yekha mawuwo atatuluka kale. Amayi anaiwala mayina a ana awo, anaiwala imfa ya amuna awo, koma liwu limenelo sanaliiwale. Anagwedeza mutu, nathokoza mwaulemu, nachotsa dzanja lawo m'manja mwake pang'onopang'ono. Kenaka anagona chotembenukira kukhoma n'kudzifunditsa bulangete mpaka m'makutu.